Ulendo wa Pandege wa Mayi Chikolopa

Kuntchito ankawatchula kuti Mayi Chikolopa, ndipo iwo ankavomera. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankayeretsa ndege pabwalo la mumzinda wawo. Ndege ikatera, anthu n'kutsika, iwo ndi anzawo atatu ankakwera ndi matumba a zinyalala, kupukuta timatebulo, kuyala malamba pamipando, kumatula chingamu kunsi kwa mipando. Ndege ankailowa kanayi patsiku, koma inali isananyamukepo iwo ali m'kati.

Ndegeyo inkayenda pakati pa mzinda wawo ndi mzinda umene kunkakhala achimwene awo, kalipentala. Mtunda wake unali makilomita mazana asanu ndi limodzi. Pabasi munthu ankanyamuka m'mamawa n'kukafika dzuwa litapendeka, miyendo itatupa. Pandege zinali mphindi makumi asanu basi.

Ndi achimwene awowo anali atatha zaka zinayi osalankhulana. Nkhani inali ya makina osokera a malemu mayi awo, amene achimwenewo anapatsa akazi awo osafunsa munthu. Panatuluka mawu oti sabwezeka, aliyense n'kuyang'ana kwake.

Lachiwiri lina m'mawa, alamu awo anaimba foni.

"Alamu, achimwene anu ali m'chipatala. Shuga uja wawononga mwendo, madokotala akuti audula mawa. Akungotchula inu."

Akapitawo a kuntchito kwawo atamva sanachulutse gaga m'diwa. Analowa mu ofesi n'kutuluka ndi tikiti ya antchito.

"Mpando ulipo pa ya masana. Kavuleni yunifolomuyo, mayi."

Anawapatsa mpando wa pawindo, womwe lamba wake iwo ankaudziwa kuti ndi wovuta. Mumtima anati m'njira akonza zokanena, poti pabasi ndimo munthu amatafuna nkhani mpaka kuifewetsa. Ndege itanyamuka makutu anatseka. Pansi anaona msewu wa basi uli ngati ulusi. Kunabwera tiyi. Bambo wa pambali pawo anagwetsa nyenyeswa za bisiketi, ndipo dzanja la mayiwo linazitola lokha. Tiyi asanathe, kunamveka mawu oti amange malamba, ndege ikutera.

"Tafika kale?" anafunsa motero.

"Mumafuna tigone momwe muno?" anayankha bamboyo.

Kuchipatala anafika opanda liwu ndi limodzi lomwe lokonzeratu. Achimwene awo anali ataonda, ndevu zili mbuu.

"Achemwali, foni aimba m'mawa womwe uno. Mwabwera pa chiyani?"

"Pa ndege, achimwene."

"Inuyo? Ndiye kuti anakutumani mukolope ili m'mwamba?"

Alamu anayamba kuseka, kenako onse atatu, mpaka namwino anasuzumira pakhomo. Mayi Chikolopa anakoka mpando, n'kuwongola pilo wa odwalawo. Za makina palibe anatchula, tsiku limenelo ngakhale masiku otsatira.

Mwendo anaudula pansi pa bondo. Mayiwo anakhala masabata awiri, akusinthana ndi alamu kudwazika. Pobwerera ndege inali yodzaza, choncho anakwera basi, n'kugona theka la njira.

Achimwene aja anazolowera ndodo, ndipo anabwerera kushopu, kupala matabwa atakhala pabenchi lalifupi lomwe anadzikhomera okha. Mayi Chikolopa anagwira ntchito zaka zina zitatu, kufikira mawondo atayamba kukana masitepe. Atapuma, anasamukira kwa mwana wawo wamkazi kukalera adzukulu.