Kasinja ndi Masamba a Paphiri

Mankhwala a khansa ya m'matumbo ndinawatulukira ndine, ndikupalasa njinga ndi dzanja limodzi. Chabwino, ndanama. Mankhwalawo sanapezeke n'komwe, ndipo amene akuwasaka ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe kwathu timamutcha Kasinja.

Dzinalo analipata ali kamwana. Ankasinja masamba m'zitsekerero za mabotolo n'kumamwetsa nkhuku za amayi ake, moti tambala akangomuona ankachira yekha. Lero amasinjabe, koma atavala gawuni woyera, m'labotale yozizira mwakuti mawu amatuluka m'kamwa ataundana. Amayanika masamba, kuwapera, kuwaviika, kenako madzi akewo amawadontheza pa maselo a khansa omwe amawaweta m'kambale ka tizenjetizenje. Akathiramo utoto wake, tizenje ta maselo amoyo timada ngati inki, momwe afa mumangoti mbee.

Tsiku lina anandituma masamba a mtengo wina wa paphiri, umene anthu amautama pa matenda a m'mimba. Ndinabwera nalo thumba lodzaza, n'kumufotokozera kuti ndinakwera chokwawa, njuchi zinandiluma mpaka chipewa kuthina, ndipo nyani anandilanda nsapato n'kuvala ine ndikuona.

Patapita nthawi anatulukira kwathu akuthamanga, wefuwefu. Tizenje tambiri tinali mbee! Ndinavina pakhonde mpaka agalu anadandaula. Nditati ndikalengeze mumsewu, anandigwira malaya, nati kufa kwa maselo m'mbale si kuchira kwa munthu, ulendo ukadali wautali. Komanso aphunzitsi ake anali atanenetsa kuti zotsatirazo sazilandira pokhapokha abwereze ndi masamba a mtengo womwewo, atauona ndi maso ake n'kuudziwa dzina. Apo ayi, ntchito yonse ya digiri yake ilowa m'madzi.

"Mawa mundiperekeze kumtengoko, amalume."

Ndinati mawondo akuvuta. Iye anati andibereka kumsana. Ndinati paphiripo masiku ano pali mkango, iye anati aupatsa moni.

M'mawa tinanyamuka, iye patsogolo akuimba, ine pambuyo ndikupempherera mvula. Tisanathe ngakhale msewu wathu, telala wa pakona anatuluka, tepi ili m'khosi, sizasi m'manja, n'kundiloza.

"Mbuzi ija ndi iyi! Inu achikulire, mpanda wanga wa zitsamba munaupululiranji masamba? Makasitomala anga akuyesa zovala msewu wonse ukuona."

Ndinati bamboyo akundifananitsa ndi wina, nkhope yanga ndi ya anthu ambiri. Kasinja sanandimvere. Anathothola tsamba lophukira pampandapo, kulitikita, kulinunkhiza, kulitembenuza, maso n'kuyamba kuwala. Anajambula chitsambacho uku ndi uku, kenako anapempha telalayo nthambi yoti akatswiri akamuuzire dzina lake. Telala anati adule momwe angafunire, bola ine ndiime tsidya la msewu.

Kasinja anandicheukira, nthambi ili m'manja, misozi ya kuseka ili m'maso.

"Amalume, kani phiri lanu lili ndi geti ndi makina osokera?"