Chikwama chimene ndinalandira ndi manja awiri

Chaka chimene tinakhala nzika za dziko lino la kutsidya kwa nyanja kunalinso zisankho za aphungu a chigawo chathu. Amuna anga amagwira ntchito ku mgodi, milungu iwiri uko, umodzi kunyumba. Choncho tsiku limene mayi ena anagogoda pakhomo pathu ku Balga ndinali ndekha ndi mwana wanga wamkazi. Anali ndi zaka zitatu koma mawu sankatuluka. Dzina lake linali pa mndandanda wa ana odikira dokotala wothandiza kuyankhula, ndipo tinali titadikira mpaka ndinasiya kufunsa.

Mayiwo anati akufuna kukhala phungu wa dera lathu. Ndinawauza kuti alowe nditereke tiyi, koma anakana mwaulemu n'kuyankhulira pakhomo pomwepo ngati munthu wodzawerenga mita ya madzi. Chingerezi changa n'cha ku pulayimale, komabe zitatu ndinazimva: mabasi opita ku masitolo a ku Morley achuluke, ana asamadikire nthawi yaitali kuchipatala, ndipo migodi yatsopano isamatsegulidwe mwachisawawa. Pochoka anandipatsa chikwama chansalu chokhala ndi nkhope yawo. Ndinachilandira ndi manja awiri.

Kwathu ukalandira nsalu ya chipani ndiye kuti walowa. Sufunsa zimene munthuyo akuganiza pa nkhani ya mabasi. Wadya zake, basi.

Patapita masiku kunabweranso bambo ena, nawonso ofuna mpando womwewo. Iwo anati migodi ndiyo imatidyetsa, ichuluke. Nditawafunsa za ana odikira anati nkhaniyo ndi yofunika, n'kuilemba m'kabuku. Anandipatsa kalendala yomata pa fuliji. Kukana mlendo sindidziwa, ndinalandiranso.

Masana amuna anga anaimba foni.

"Ndalandira za anthu awiri," ndinatero.

"Mwalandira chiyani, amayi a mwana, mbuzi?"

"Musaseke inu. Chikwama ndi kalendala."

"Kuno amangogawa. Ngakhale galu atatsegula chitseko angamupatse."

"Nanga za migodi akunena mayi ajazi?"

"Akunena yatsopano, wathu ndi wakale." Kenako anati, "Kungoti kontirakiti yanga ikatha, ndimayembekezera kukalowa ku watsopanowo."

"Ndiye ndivotere ndani?"

"Ine ndavota kale papositi."

"Mwasankha ndani?"

"Voti ndi yachinsinsi, mayi."

Ndinakhala mlungu wathunthu ndikuyang'ana fuliji kenako chikwama. Ndikavotera mayi aja, mwina mwana aonedwa msanga, koma ntchito ya bambo ake? Ndikavotera bambo aja, tidya, koma mwana azingoloza ndi chala. Ndipo onse awiri ndinali nditawalandira.

Tsiku lovota tinapita pa sukulu ya pulayimale ya m'dera lathu, chikwama chija nditachitembenuza kuti nkhope ikhale mkati. Pageti panali anthu ogawa timapepala. Ndinanyamula mwana ndi manja onse awiri kuti pasakhale dzanja lolandirira.

Mkati wogwira ntchito anandilongosolera pang'onopang'ono kuti pa pepala la phungu sachonga. Umalemba nambala m'bokosi lililonse, kuyambira amene ukumufuna kwambiri.

"Onse?" ndinafunsa.

"Onse," anatero, akuloza mayina asanu.

Kwathu umachonga mmodzi n'kumapita. Kuno ngakhale atatu amene sanaponde pakhomo panga ndinayenera kuwagawira kanthu. Mtima unatsika pang'ono poona kuti wa chikwama ndi wa kalendala onse apeza. Koma nambala wani ndi imodzi yokha.

Ndinaima nthawi yaitali pensulo ili m'manja. Mwana anatopa, anandikoka siketi n'kuloza kukhomo, akutulutsa kaphokoso kake kamodzi kaja kamene kamatanthauza madzi, njala, tulo, zonse. Ndinalemba wani pa dzina la mayi aja, thuu pa la bambo aja, enawo ndinangowatsatiza mmene analembedwera.

Amuna anga atabwera anatenga chikwamacho kukagulira zinthu ku Morley, nkhope ili kunja. Sanandifunse, inenso sindinawauze. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinavotera mwana wanga kapena ndinangobweza ulemu wa chikwama, popeza ndicho chinayamba kufika.