Kumene Mankhusu Akugwera

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza titatuluka m'mapemphero a amayi a Lachinayi. Nthawiyo bambo a kunyumba anali ku Joni, chaka chachiwiri osabwera. Mlangizi wa zaumoyo wa kwathu, kufupi ndi Kasinje, anandiimika panjira n'kundiuza kuti anthu ofufuza miyala kuseri kwa phiri akufuna munthu wodziwa kulemba, wokhala pafupi ndi sukulu. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma ndinangoti Mulungu akudziwa, ndikayesa.

Wondiyang'anira anali a Msiska, bambo wofatsa koma wosakonda kubwereza mawu. Anandifotokozera kuti miyala ya m'phirimo ili ndi mphamvu ina yosaoneka, yotchedwa radiyeshoni. Siinunkha, siiyabwa, koma fumbi lake munthu akamalipuma limakhala m'mapapo n'kudzamudwalitsa patapita zaka. Anaimika chitsulo chachitali kuseri kwa nyumba yanga. Pamwamba pake panali muvi wosonyeza mphepo ndi tizikho titatu tozungulira, pansi bokosi lokoka mpweya lokhala ndi kapepala koyera kosefa fumbi. Katatu patsiku ndinkalemba mphepo m'kope. M'mawa uliwonse ndinkavala magolovesi, kuchotsa kapepala ndi kopanira, kukaika mu envulopu n'kulemba tsiku.

Sabata ziwiri zoyamba ndinalakwitsa zonse. Ife amayi tikamauluza chimanga timasamala kumene mankhusu akupita, kuti asagwere mnzako m'maso. Ndiye ine ndinkalemba kumene mphepo ikupita. Koma a zanyengo amalemba kumene ikuchokera. A Msiska atayerekeza kope langa ndi zolosera za pakompyuta yawo anagwira mutu, chifukwa zonse zinali chagada. Sanandichotse, koma ndinaona kuti kope langa asiya kulikhulupirira.

Mu Okutobala anasankha tsiku lokhuthula matumba a miyala yoperapera yochokera m'phirimo m'dzenje kuti aikwirire. Kompyuta inalosera kuti kudzakhala mwera tsiku lonse, fumbi lidzapita kutchire kopanda nyumba. M'mawa zinalidi choncho. Koma itangokwana 11 koloko ndinaona muvi ukugwedezeka, kenako unatembenuka n'kuloza kuphiri. Mphepo inali kutsika pampata wa phirilo, kulunjika kusukulu. Tadala wanga anali mu Sitandade 2, ndipo kalasi yawo inkaphunzirira pansi pa mtengo.

Ndinaimba foni nthawi yomweyo. A Msiska anali kudzenje, kumene phiri linawatchinga, ndipo anati kumeneko kukadali mwera monga inanenera kompyuta. Kenako anafunsa, osati mwachipongwe: "Amake Tadala, kodi simunayambenso kulemba chagada?"

Ndinayang'ananso muvi, mutu n'kusokonezeka: kuchokera, kupita, kuchokera. Mwina ndinedi wolakwa. Ndiimitse galimoto ya matumba ndi amuna onse okhuthulawo chifukwa cha umbuli wanga? Ndinangoti Ambuye ndithandizeni. Pakhonde panali lichero la chimanga chomwe ndinkafuna kupita nacho kuchigayo. Ndinalinyamula, foni ndaipana paphewa, n'kuuluza monga anandiphunzitsira amayi anga. Mankhusu onse anathawira mbali imodzi.

"Bambo, za kuchokera ndi kupita musandifunse. Ndaima ndi lichero pano. Mankhusu akugwera kusukulu."

Ndinamva akupuma mwamphamvu, kusonyeza kuti akukwera chitunda kuti akadzionere. Kenako ndinamva akukuwira anthu ake kuti aleke kukhuthula, athire madzi pa zomwe zatsika kale. Ine ndinathamanga opanda nsapato kukapempha aphunzitsi kuti alowetse ana m'tchalitchi ndi kutseka mawindo.

Kapepala ka tsikulo kanatuluka kotuwa pang'ono. Kanatumizidwa kukayezedwa kutali, ndipo sabata zodikira zija Tadala akangotsokomola ndinkasiya chilichonse n'kumugwira pachifuwa, ngakhale a Msiska anandiuza kuti matendawo sayamba choncho. Zotsatira zitabwera, a Msiska anabwera okha kudzandiuza kuti fumbi loopsalo linafika lochepa kwambiri, chifukwa anali atangokhuthula matumba oyamba. Ndinagwada kupemphera pomwepo pabwalo, iwo ataima, chipewa chili m'manja.

Anandifotokozera kuti kompyuta siinama dala. Imaona dziko m'zigawo zikuluzikulu, ndiye kampata kathu sikaoneka, ngakhale kuti dzuwa likatentha mphepo imakhotera pomwepo. Kuyambira tsikulo sankatsegula thumba asanandiimbire.

Ntchitoyo inatha, chitsulo anazula, ndipo ndimathokoza Mulungu pondidutsitsamo. Chomwe ndinasunga n'chakuti kulakwitsa kamodzi sikutseka munthu maso. Chomwe ukuona uchinene, ngakhale m'mawu akumudzi. Kope lija a Msiska anandisiyira. Patsamba la tsikulo, pambali pa mzere wa kumene mphepo ikuchokera, anajambula mzere wina ndi dzanja lawo n'kulemba pamwamba: kumene mankhusu akugwera.