Kachingwe Kamene Ndinadula ndi Mano

Inu owerenga, ine ndine mayi wamasiye, ndimakhala mudzi wina kufupi ndi Mitundu. Nkhani imene ndikuuzeniyi anthu ena akaimva amaseka, ndipo nanenso ndikanaseka ikanachitikira munthu wina. Ndinapita ku Lilongwe kukaonerera oimba koyamba m'moyo wanga, ndinadula kachingwe kachabechabe kamene anandimanga pamkono, ndipo chifukwa cha kachingweko mwana wanga anachoka m'dziko muno tisanaonane. Ndikulemba kuti wina asadzachite uchitsiru umene ndinachita ine.

Mwana ndili naye mmodzi, dzina lake Limbani. Ali wamng'ono anakhoma gitala ndi chigubu cha mafuta ophikira komanso waya wa mabuleki a njinga ya bambo ake, ndipo anakwapulidwa chifukwa cha wayayo. Atakula anayamba kuimba gitala yeniyeni m'kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu. Masiku amenewo ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, aliyense akunditchula kuti amayi a Limbani wa gitala.

Zinthu zinasintha bambo ake atamwalira. Anapeza anzake ku Nathenje amene ankaimba nyimbo zaphokoso zija, za magitala olira ngati akukangana, zimene achinyamata amati roko. Ankaimba m'malo omwera mowa. Anasiya kumeta, tsitsi linapotana. Amayi anzanga a m'gulu la kutchalitchi anayamba kundipempherera mokweza, mapemphero aja oti watsinzina koma ukumva kuti akunena iwe. Ine ndili ndi mtima wapachala, sindibisa. Tsiku lina ndinamuuza kuti asankhe chimodzi, gitala kapena nyumba yanga. Ndinkayesa ndikungomuopseza. Iye ananyamula gitala yake n'kusamukira ku Nathenje.

Nathenje si kunja kwa dziko ayi, koma zaka zinadutsa ine osapondako, iyenso osabwera. Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe. M'nyumba munangoti zii. Ndinkapezeka ndaphika ndiwo za anthu awiri chifukwa mkono unazolowera, ndipo zotsalazo ndinkadya mawa lake ndekhandekha. Pa wailesi pakalira gitala ndinkasiya ntchito n'kutchera khutu, mwina ndi iyeyo.

Tsiku lina kondakitala wa minibasi anandisiyira envelopu pamsika wa Mitundu. M'kati munali tikiti. Madzulo ake foni inalira, ndipo mawu ake ndinawazindikira asanadzitchule.

"Amayi, ndine Limbani. Loweruka kukubwera oimba akunja ku Lilongwe, ndiye atisankha ife kuti tiyambe kuimba iwo asanakwere. Lamulungu m'mawa ndikunyamuka kupita ku Joni, tapeza ntchito kumeneko. Mubwere mudzandione kamodzi kokha. Mudzaime kutsogolo, mbali ya kumanja, ndidzakufunafunani."

Ndinayankha kuti ndamva.

Kulakwa kwanga kunayambira pomwepo. Sindinauze munthu aliyense kumene ndinkapita. Anzanga ndinawanamiza kuti ndikukazonda wodwala m'tauni. Ndikanatenga ngakhale mwana wa mchemwali wanga, amene amadziwa za m'tauni, bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma ndinapita ndekha ngati wakuba. Ndinakonzeka ngati ndikupita ku ukwati: chitenje chatsopano, duku, nsapato za kutchalitchi zija zopana zala. Ndinakazinga mtedza, chifukwa Limbani amaukonda wothira mchere wambiri, ndinathiranso thobwa m'botolo. Kwa mwana supita chimanjamanja. M'mutu mwanga ndinkaona mipando itandandalikidwa, pemphero lotsegulira, ndi wolengeza wonena kuti makolo a oimba akhale uku.

Zimene ndinapeza ndi zina. Bwalo lonse analitchinga ndi malata, ndipo mzere wa anthu unafika mpaka kumsewu. Tinaima padzuwa mpaka miyendo kuwawa. Pageti alonda anapisa m'chikwama changa, thobwa analanda, amvekere mabotolo salowa. Mtedza anausiya, mlonda wina atatapako dzanja limodzi. Kenako mtsikana wina anatenga tikiti yanga n'kundimanga pamkono kachingwe kofiira, kooneka ngati pepala koma kolimba ngati pulasitiki. Anandiuza momveka bwino kuti ndisakavule. Ine ndinangogwedeza mutu, osafunsa chifukwa chake. Ndinkayesa n'kokongoletsera chabe.

Apa ndifotokoze pang'ono, kuti a m'tauni mundimvetse. Kwathu munthu wamkulu akamanga chingwe pamkono kapena m'chiuno, aliyense amadziwa kuti wachokera kwa asing'anga. Munthu wopemphera savala zimenezo. Ine ndemwe ndinadulapo ndi lezala kachingwe ka khanda la mtsikana wina tsiku la ubatizo, amayi anzanga akundiyamikira kuti ndine wolimba pa chikhulupiriro. Ndiye taganizani mmene ndinamvera kachingwe kofiira kali pamkono panga. Kankandiyabwa mpaka mumtima.

M'kati munalibe mpando ngakhale umodzi, munalibe mthunzi, munalibe wondilonjera. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo, mbali ya kumanja, monga anandiuzira mwana wanga. Sindinadziwe kuti ndaima pamphuno penipeni pa masipika, ataliatali kuposa nkhokwe. Gulu loyamba, limene silinali la Limbani, litayamba kuimba, ndinaganiza kuti china chaphulika. Phokoso lake silimvekera m'makutu mokha, limagunda pachifuwa mpaka mtima kusokonezeka. Anthu anayamba kudumpha, kukuwa, kukankhana uku akuseka. Wina anandiponda chala, wina anandithira mowa pachitenje, ndipo palibe anatembenuka kupepesa. Ndinayesa kupereka moni kwa mnyamata amene anali pambali panga, iye anangondikuwira zinazake m'khutu n'kupitiriza kudumpha. Ndakhala ndekha m'nyumba zaka zambiri, koma sindinasungulumwepo ngati mmene ndinasungulumwira pakati pa chinamtindi cha anthu chija.

Gululo litatsika, wina anandigwira paphewa. Kutembenuka, ndi Tadala, mwana wa mayi wapampando wa gulu lathu la amayi, amene amaphunzira m'tauni. Anali atavala buluku long'ambika m'mawondo, foni ili m'manja.

"Iii, amayi a Limbani! Nanunso muli kuno? Mpaka kachingwe pamkono! Taimani ndikujambuleni, mayi akaone kuti nanunso mumanjoya."

Mwanayo ankangocheza, analibe choipa mumtima. Koma ine m'maganizo ndinaona chithunzi changa chikuyenda m'mafoni a amayi onse a kutchalitchi, ine pakati pa oledzera, chingwe chofiira pamkono, pamene ndinati ndikukazonda wodwala. Ndinabisa mkono m'chitenje n'kumuuza kuti andijambule nthawi ina. Anthu atakankhananso, Tadala anatengedwa n'kusowa m'gulu. Pomwepo ndinawerama n'kuyamba kuluma kachingwe kaja. Kanali kolimba, nkhama zinatuluka magazi, koma ndinalimbana nako mpaka kanaduka. Ndinakaponya pansi, mapazi a anthu anakakwirira m'fumbi. Kunena zoona, ndinapumira m'mwamba ngati ndatula katundu.

Dzuwa linali likuswa mtengo, thobwa anali atalanda, ndipo mutu unayamba kuzungulira. Kumene ankagulitsa madzi m'katimo kunali mzere wosaona kothera. Ndinakumbukira kuti kunja ndinaona mayi wina akugulitsa madzi ozizira a m'majumbo. Ku ukwati wa kwathu munthu umatuluka, kukamwa madzi, n'kubwerera pamalo pako, palibe amakufunsa. Ndinaganiza kuti n'chimodzimodzi. Ndinatuluka, ndinamwa madzi, ndinakhala pansi pa mtengo mpaka maso anayera. Kenako ndinabwerera pageti, mtedza wanga uli m'manja.

Mlonda ananditchinga n'kundiuza kuti ndionetse mkono. Ndinamuonetsa.

"Kachingwe kali kuti, mayi?"

"Ndadula, bambo, koma ndinali m'kati momwemu. Mwana wanga ndi amene akwere kukaimba."

"Aliyense pano ali ndi m'bale wake woimba. Popanda kachingwe simulowa."

Apo m'pamene ndinadziwa kuti kachingwe kaja ndiye kanali tikiti yanga. Ndinathamangira kogulitsa matikiti, anati anatha kalekale. Ndinafunafuna mtsikana anandimanga uja, anali atachoka. Ndinabwerera kwa mlonda uja n'kugwada pafumbi, monga timachitira kwathu tikamapempha chinthu kwa munthu, ine mayi wamkulu kugwadira mwana woti ndikanatha kubereka. Anayang'ana kumbali. Sindimuimba mlandu, anali pantchito. Ndinayesa kuimbira Limbani, foni osalowa n'komwe. Pamalo pakadzaza anthu chotere mafoni sagwira, zimenezonso ndinaziphunzira tsiku lomwelo.

Ndili chigwadire, ndinamva gitala. Inu owerenga, mayi amadziwa kulira kwa mwana wake ngakhale ana akulira ambiri. Limbani amayamba pang'onopang'ono, ngati munthu wogogoda pakhomo pa eni, ndipo ankayamba choncho kuyambira pa gitala ya chigubu ija. Ndinathamangira kumalata, ndinapeza kabowo ka msomali n'kuikapo diso. Ndinkangoona misana ya anthu.

Ataimba kwa kanthawi, zoimbira zonse zinaima. Mawu ake anamveka m'masipika, bwalo lonse mpaka kumsewu.

"Lero mayi anga abwera kuchokera ku Mitundu. Amayi, muli pati? Kwezani mkono ndikuoneni."

Anthu anakuwa ndi chisangalalo. Ine ndinakweza mkono kuseri kwa malata, ndinadumpha ndi nsapato zopana zija, ndinakuwa kuti ndili kuno mwanawe, ndili kuno, mpaka mawu anasasa. Ndani akanandimva? Limbani anadikira. Anaitananso kachiwiri, mawu atatsika. Kenako anangoti, "Chabwino," gitala n'kuyambiranso. Mayi wogulitsa madzi uja anabwera kudzandigwira, ankayesa ndadwala mutu.

Ndinaima pageti mpaka dzuwa kulowa, kudikira kuti mwina atulukira pamenepo. Sindinadziwe kuti oimba ali ndi geti lawo kuseri, kumene munthu wamba safika. Mayi wa madzi uja ndi amene anandiuza kuti ndizipita, minibasi za ku Mitundu zingandithere. Ndinakwera, mtedza uli pamiyendo, m'makutu mukulira ngati muli nkhululu.

Lamulungu m'mawa foni ya Limbani inali yozima, anali atanyamuka. Ndinapita kutchalitchi chifukwa ndinasowa kopita. Amayi anzanga anandifunsa kuti wodwala uja ali bwanji. Tadala sananene kanthu kwa mayi ake, mwina anali ataiwala n'komwe kuti tinakumana. Anthu amene ndinawaopa aja palibe chimene ankadziwa, ndipo atatha mapemphero aliyense anapita kwa ana ake.

Patapita masiku Limbani anaimba ali ku Joni. Ndinamufotokozera zonse, mzere, thobwa, masipika, mlonda, kabowo ka msomali. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Nanga kachingweko munaduliranji, amayi?"

Ndikanatha kunama kuti kanaduka kokha pokankhana. Koma ndinali nditatopa ndi kunama. Ndinamuuza kuti ndinakumana ndi Tadala, ndipo ndinaopa kuti amayi a kutchalitchi andiona.

"Anthu omwe aja," anatero. "Zikomo amayi pofika mpaka pageti."

Mawu amenewa amandilasa mpaka lero. Sanakalipe, sanatukwane, ndipo bola akanakalipa. Masiku ano amaimba foni mwa apo ndi apo, amafunsa za mvula ndi chimanga ngati munthu wocheza ndi mnansi. Za gitala sanenanso kwa ine, ndipo ndikafunsa amangoti zikuyenda.

Ndiye inu amene simunapiteko ku zoimbaimba zazikuluzi, mverani ine ndinapsa. Musapite nokha, tengani munthu woti anapitako. Valani nsapato zoti mutha kuima nazo tsiku lonse, chifukwa mpando kulibe. Imwani madzi musanalowe, ndipo musaime pafupi ndi masipika ngati mumawafuna makutu anu. Musadalire foni, panganiranitu malo okumanirana. Akakumangani kachingwe pamkono, si mankhwala ayi, ndiyo tikiti yanu, kasiyeni mpaka mukafike kunyumba. Chimene simukuchimvetsa funsani pageti pomwepo, manyazi a kufunsa ndi ochepa.

Koma langizo langa lalikulu likupita kwa makolo anzanga. Mwana wanu akakuitanani kuti mudzaone chimene manja ake amachita, pitani masana, uzani mudzi wonse kumene mukupita, ndipo wina akafuna kukujambulani, imani bwino akujambuleni. Anthu amene mukuwaopawo madzulo amakatseka zitseko zawo ali ndi ana awo m'kati, inu n'kutsala nokha. Mwana wanga anandiitana pamaso pa anthu onse aja, osachita nane manyazi, ine mayi wakumudzi wa duku kumutu. Mkono ndinakweza, inde, koma ndinaukweza kuseri kwa malata.