Raundi Yachinayi

Ndili mu ring'i, pa nkhonya zanga zoyamba zolipidwa. Andivula vesiti ya timu ndi chipewa choteteza mutu, ndipo mphepo ikundilowa m'makutu. Holo yadzaza, koma palibe ngakhale wotsokomola.

Amene ndikumenyana naye wavala vesiti yanga ija, mamendulo anga onse ali m'khosi mwake. Ndikumugunda mwachangu n'kuthawa, monga ndachitira zaka zonsezi, uku ndikuwerenga mapointi chamumtima. Iye sakuphethira n'komwe. Akungobwera, mamendulo ali ngwe, ngwe.

Belu lotseka raundi yachitatu lalira. Ndikukweza manja, ndikupita pakona pamene pali akochi anga.

"Ndimasuleni magolovesi, akochi, ndamaliza."

Iwo atulutsa singano yosokera matumba, akusokerera magolovesiwo pakhungu langa. Sizikuwawa.

"Zothera pachitatu zinali zakale, mwanawe. Kuno timaleka wina akagona."

"Kwatsala maraundi angati?"

Akuloza mzimayi amene akuzungulira ndi chikwangwani cha raundi. Ndi mayi anga, opanda nsapato, ndipo chikwangwanicho chilibe nambala.

Belu lalira. Ndikuimirira, koma miyendo yanga yatsala pampando. Mamendulo aja akuyandikira.

Ndadzuka nditakunga zibakera, khutu likudikirabe belu.