Nditumizeni ku Zomba

Chaka cha zisankho zoyamba za matipate, amalume anga anaganiza zopikisana nawo pa uphungu. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, wa jekete imodzi ndi njinga yopanda mabuleki. Amene anawaputira zonsezi ndi wansembe wina wa ku Ireland amene ankabwera kudzachita Misa kwathu ku Domasi. Iye anawauza kuti kwawo kuli phungu amene amaimirira m'nyumba ya malamulo n'kumalankhulira odwala maganizo, ndipo anthu amamusankhabe. Amalume anangoti basi, nanenso.

Chifukwa anali nacho. Achimwene anga anali atazungulira mutu, ndipo ankakhala omangiriridwa ndi chingwe ku mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kuti alendo asawaone. Amalume zinkawawawa kwambiri. Ankafuna kuti mwana wa mlongo wawo amasulidwe, pamodzi ndi ena onse otere m'chigwa chathu.

Chinawapweteka ndi mawu a kampeni. Masiku amenewo nyumba ya malamulo inali ku Zomba. Komatu kwathu kuno ukanena kuti uje ngofunika ku Zomba, ngakhale mwana amadziwa kuti ukunena chipatala cha amisala. Amalume, ndi sukulu yawo yonse ija, anakwera pa tebulo pamsika wa Songani n'kukuwa kuti, "Abale anga, nditumizeni ku Zomba!"

Msika wonse unafa ndi phwete. Mayi wina wogulitsa mpunga anawayankha kuti, "Musadandaule aphunzitsi, tikutumizani ndithu. Chingwe tibweretse ife kapena muli nacho kale?"

Wopikisana nawo sanadzivute ndi za misala. Ankangoponya zitenje ndi shuga ali pamwamba pa galimoto, ndipo anthu ankati ameneyu ndiye wamutu wabwino. Chinkandipsetsa mtima n'chakuti oseka kwambiri aja ndinkawadziwa. Angapo anali ndi wawo womangirira kuseri kwa nyumba monga ife. Amalume anali atatulutsa nkhani ya kuseri n'kuiyala pamsika, ndipo anthu sanawakhululukire.

Pa zisankhozo amalume anagwa chagada. Ngakhale pabanja pathu pomwe ena anavala chitenje cha mnzawo uja.

Zotsatira zitangomveka, amalume anavala jekete ija, anamasula achimwene, n'kuwakweza panjinga mpaka pa Songani. Oitanira minibasi atawaona anayamba kale kuseka. "Olemekezeka, kani munapambana? Ulendo wa ku Zomba?"

"Wa ku Zomba," anatero amalume. "Mipando iwiri."

Achimwene anabwerako mvula yoyamba itagwa, atanenepa, akumwa mapiritsi, ndipo chaka chomwecho anadzilimira okha mpunga. Wopambana uja sitinamuonenso mpaka zisankho zina. Kuseri kwa nyumba za oseka aja zingwe zinalipobe. Akakumana ndi amalume panjira, ankayamba ayang'ana uku ndi uku, kenako n'kutsitsa mawu: "Aphunzitsi, kodi ku Zomba kuja munthu amayambira khomo liti?"