Dzanja la Esinati

Chisomo wanga wabwera kuchokera kusukulu yunifolomu ikununkha choko. "Amayi, nditchulireni awa, mawa atifunsa: ship, sheep." Ndayamba ndamugwira masaya kuona ngati sanatupe, iye n'kumadabwa.

Mawu omwewa ndinawaona pabolodi ndili mwana ku Biriwiri, m'mawa wa chifunga, mapazi atachita dzanzi pasimenti. Aphunzitsi ankati lina ndi sitima, lina ndi nkhosa, koma m'makutu mwanga linali liwu limodzi. Lamulo lawo linali loti wokhoza azimenya khofi wolephera.

Wokhoza anali Esinati, mnzanga amene tinkagawana mbatata yootcha pabuleki. Bambo ake anagwirako ntchito ku Joni, ndiye ine ndinkayesa kuti Chingerezi anabwera nacho m'sutikesi pamodzi ndi mabulangete. Kwathu chikanafika bwanji, bambo anga osapitako?

Nditalephera, Esinati anangondisisita tsaya.

"Ukumudzoza mafuta? Bwereza!" anakalipa aphunzitsi.

"Pepa mnzanga," ananong'ona Esinati, kenako phaa! Khutu linalira tsiku lonse. Kuyambira pamenepo ndinkabisala m'munda wa chimanga mpaka anzanga ataweruka, ndipo sukulu inathera pomwepo. Esinati sindinamulankhulenso, ngakhale pano ndimamuzemba pamene amagulitsa kabichi kumsewu.

Chisomo akundiyang'anabe pakamwa, akudikira.

"Vala juzi, tiye kumsewu," ndamuuza. "Kuli anti ena amawadziwa."

Ndikumanga chitenje ndi pamene ndakumbukira kuti tsiku lija, amene analira mpaka kunyumba anali Esinati, osati ine.